Pepala la Chipwitikizi la Amayi

Amayi anga anakhala zaka zoposa makumi atatu akupita ku Misa osalandira. Lamulungu lililonse ankafika m'tchalitchi cha kwathu ku Kasenengwa anthu asanadzaze, n'kukhala pa benchi lachitatu kumbali ya azimayi. Nthawi ya Ukaristia ikakwana ankapinda miyendo kuti anzawo adutse. Ndili mwana ndinkayesa kuti sakonda kuima pamzere. Nditakula ndinamva chifukwa chake: iwo ndi Akatolika, atate ndi a mpingo wina, ndipo ukwati wawo sunadalitsidwe m'tchalitchi.

Atate anakulira ku Madzimoyo, pamisheni ya mpingo wawo, m'banja la aphunzitsi, kumene munthu akatulutsa korona ankamuyang'ana ngati watulutsa nyanga. Amayi anachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Anathawa nkhondo ali mtsikana n'kulowa m'dziko muno la Zambia cha ku Chadiza pamodzi ndi anthu a m'mudzi wina. Makolo awo anatsala, ndipo sanaonanenso. Akuluakulu a kwa atate anavomera ukwati wa pamudzi, koma zokagwada pamaso pa wansembe anati zimenezo ayi. Atate nawo ndi munthu waliuma. Anakana kamodzi, kukanako n'kukhala zaka zonsezo.

Chaka china atate anadwala chibayo n'kugona m'chipatala ku Chipata milungu iwiri, amayi akuwadikirira pambali pa bedi. Atachira anabwerera kumudzi ali chete kuposa kale. Tsiku lina m'mawa, tikusenda mtedza pakhonde, anangoti, "Amake mwana, kawauzeni ansembe anu aja kuti ndavomera." Amayi anapitiriza kusenda, koma ndinaona kuti makoko akuponya m'lichero, mtedza akutaya pansi.

Ine ndine mwana woyamba. Ndimaphunzitsa, ndimakhala ku Kapata m'tauni ya Chipata, ndipo kusukulu kwathu ndine ndimasunga kiyi wa kachipinda ka mabuku kamene timakatchula laibulale pongodzitonthoza. Chifukwa cha kiyi ameneyu, chilichonse chokhudza pepala pabanja pathu chimagwera ine. Choncho ndine ndinaperekeza amayi kuparishi, nditavala nsapato zanga zakuntchito, ndili ndi mtima wakuti nkhaniyi itha tsiku lomwelo.

Ansembe anali achinyamata, aulemu. Anati nkhani yake ndi yosavuta, atate safunika kusintha mpingo, chofunika ndi pepala losonyeza kuti amayi anabatizidwa. Ine mtima unagwa, poganiza kuti munthu wothawa nkhondo pepala akalitenga kuti. Koma amayi anamwetulira n'kunena kuti ali nalo. Anatembenukira kukhoma, n'kumasula kathumba ka nsalu kamene amamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Kathumbako ndinakadziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinkaganiza kuti muli mankhwala a msana. Munali pepala lapulasitiki la shuga, mkati mwake lina, mkati mwake kansalu, ndipo mkati mwa kansaluko khadi lopindidwa panayi, lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Anafotokoza kuti atate awo, agogo anga amene sindinawaonepo, anawapatsa khadilo tsiku lothawa, n'kuwauza kuti asadzataye chifukwa lidzawateteza. Pamwamba pake panali chidindo cha tizishango tisanu toikidwa ngati mtanda. Pansi pakona panali banga lakuda. Amayi anati bangalo ndi mafuta oyera a pa chala cha wansembe amene anawabatiza. Pamenepo pepala linali litapyapyala, chifukwa ndi pomwe ankapsompsona akamapemphera.

Ansembe analitembenuza uku ndi uku. Ananena mosabisa kuti Chipwitikizi sachidziwa, koma sakuonapo dzina la tchalitchi kapena siginecha ya wansembe. Anati alembera kalata kuparishi kumene amayi anabadwira kuti akaone m'buku la ubatizo. Anawonjezera kuti zikakanika, mpingo uli ndi njira ina: wansembe amathira madzi ponena kuti, ngati sunabatizidwe, ndikukubatiza.

Amayi anapinda khadi lawo pang'onopang'ono. "Bambo, 'ngati' wanuyo akunena kuti atate anga ndi abodza. Ine ndidikira buku."

Panjira ndinawakalipira. Ndinati munthu wadikira zaka zonsezi, chitseko chatseguka, iye akukana kulowa chifukwa cha liwu limodzi. Iwo anati ndine mwana wa atate anga, zinthu za mpingo ndimaziona ngati mafomu a kusukulu.

Yankho la ku Mozambique linatenga miyezi. Litabwera linali lalifupi: mabuku a zaka zimenezo kulibe, anapsa pa nkhondo. Koma wansembe wina wokalamba wa kumeneko analemba pansi pake ndi cholembera kuti kale, nkhondo isanafike, azungu ena anajambula mabuku a mamisheni angapo, ndipo anamva kuti zithunzizo zili m'laibulale ya yunivesite ina kutsidya kwa nyanja. Yunivesite yake iti, sanadziwe.

Podikira zonsezi ndinali nditayesa nzeru zanga. Ndinajambula khadi lija ndi foni n'kuiuza kuti imasulire. Zolemba pamanja inalephera, zosindikiza zambiri zinali zitafufutika m'mipindo, koma pa zochepa zimene inawerenga inanditchulira thonje, munda ndi nyengo. Ndinaseka mpaka misozi. Nditawauza amayi kuti foni ikuti ubatizo wawo ndi wa thonje, anati foni yanga ndi ya mpingo wa atate anga. Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo ine, mphunzitsi wathunthu, sindinaiganizirenso.

Kufufuza laibulale ija kunandizunguza mutu kuposa chilichonse chimene ndachitapo. Ndinkakhala m'kachipinda kanga ka mabuku nthawi yopuma, ana akuchita phokoso panja, ine maso pa foni. Patapita masiku ndinapeza yunivesite ina imene ili ndi gawo lalikulu losungira zolembedwa za anthu olankhula Chisipanishi ndi Chipwitikizi, mbiri yawo ndi chikhalidwe chawo. Ndinalidumpha kawiri konse, chifukwa sindinaone kuti likundikhudza pati. Amayi anga Chipwitikizi chimene amadziwa ndi kuwerenga mpaka khumi, ndi liwu limodzi loipa limene amatukwanira mbuzi zikalowa m'dimba. Ndinalemba kuti Achewa m'kabokosi kofufuzira, sipanatuluke kanthu. Kuti ndiyandikire kwawo kwa amayi ndinayenera kulowera ku Portugal, kuchoka apo n'kutsikira ku maiko amene Apwitikizi ankalamulira, kenako ku Africa, kenako kumamisheni. Ndinali ngati munthu wopita ku Katete amene amuuza kuti ayambe wakafika kaye ku Lusaka.

M'njiramo ndinakumana ndi zinthu zambirimbiri: makalata a amalinyero, mabuku a minda ya nzimbe ku Brazil, manyuzipepala akale a maiko amene sindidziwa ngakhale kumene ali, ndakatulo, mapu. Ndinkadzifunsa kuti kamwana ka m'mudzi wa udzu kangapezeke bwanji pakati pa zonsezi. Komanso ndinkayembekezera kuti ndikadina ndiona masamba a bukulo. Ayi ndithu. Chimene chinalipo ndi mndandanda chabe wonena kuti m'bokosi lakuti muli zakuti, ndipo wofuna kuona afike yekha adzapemphe. Ndinayang'ana mashelefu anga, amene ndimaika mabuku potsata kumene denga silidontha, ndipo ndinachita manyazi ndi kiyi wanga uja. Ndinapsanso mtima. Buku la mudzi wa amayi lili kutsidya kwa nyanja m'chipinda chozizira bwino, mwiniwake ali ku Kasenengwa akupinda miyendo pa benchi.

Safunsa anadya phula, choncho ndinalemba imelo. Ndinailemba m'Chingerezi changa cha Lamulungu, n'kufotokoza zonse, za atate, za ansembe, za benchi lachitatu. Nditatumiza ndinadziona wopusa pouza anthu osawadziwa nkhani za m'nyumba mwathu. Patadutsa milungu itatu anayankha mayi wina amene amayang'anira gawolo. Anati anatsegula yekha mabokosiwo. Zithunzi za misheni ya kwawo kwa amayi zilipodi, koma ndi za mabuku akale kwambiri. Buku la zaka zimene amayi anabadwa silinajambulidwe. Anapepesa ngati kuti analiwotcha ndi iye. Ine ndinamukwiyira tsiku lonse, ngakhale ndinkadziwa kuti alibe mlandu.

Kumapeto kwa imeloyo anapempha kuti ndimutumizire chithunzi cha khadi lija, kumaso ndi kumbuyo, chifukwa iye Chipwitikizi amawerenga. Ndinatumiza. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma satiuza kuti kalumoko kamatha kukucheka iwe wemwe.

Yankho linabwera patatha masiku atatu. Khadilo silinali la ubatizo. Linali la mlimi wa thonje, loperekedwa ndi boma la Apwitikizi. Panali dzina la agogo, mudzi wawo, ndi kukula kwa munda umene analamulidwa kulima. Mizere ya kumbuyo inali ya kapitawo, yochongamo nyengo iliyonse kuti mwini khadi wapereka thonje lake. Mtanda uja unali chizindikiro cha boma. Banga lakuda silinali mafuta, linali chidindo cha chala chachikulu cha agogo, popeza sankadziwa kulemba. Mayiyo anafotokoza kuti m'masiku amenewo mwamuna wopezeka alibe khadi lotere, kapena mizere yake ili yosachongedwa, ankatha kumenyedwa kapena kutengedwa kukagwira ntchito yokakamiza. Anamaliza ndi pempho: makadi otere saoneka kawirikawiri chifukwa anthu ambiri anawataya Apwitikizi atachoka, ndiye ngati banja lingalole, laibulale ingakonde kusunga chithunzi chake.

Ndinawerenga kanayi. Belu linalira ine osalimva, mpaka mphunzitsi mnzanga anadzandiitana. Foni ija inkanena zoona, ndipo ndinaiseka. Koma chimene chinandisokoneza kwambiri ndi agogo. Kodi ankadziwa chimene akupereka? Kapena m'chipwirikiti cha kuthawa anatenga pepala lolakwika, la ubatizo n'kutsala m'denga? Kapena la ubatizo kunalibe n'komwe? Apwitikizi anali atachoka kale nthawi imene amayi ankathawa, nanga khadi la boma lakufa likanateteza ndani? Mafunso onsewa ndinalibe womufunsa.

Ndinakhala nayo nkhaniyi milungu iwiri. Ndinaganizapo zongowauza amayi kuti azungu aja sanayankhe. Ndinaganizaponso zowanamiza kuti khadilo ndi la ubatizo ndithu koma ansembe akufuna kungotsimikiza ndi madzi pang'ono. Bodza limenelo ndinalikonza bwino mpaka ndinayamba kulikonda. Loweruka lina ndinakwera basi kupita kumudzi ndisanasankhe chonena.

Ndinapeza atate okha pakhomo akukonza mpini. Ndinawauza zonse, ndikuyembekezera kuti anena kuti iwo ankadziwa kale kuti za Akatolika n'zosokonekera. Sanatero. Anaika mpini pansi. Kenako anati ndisawanamize amayi, ndipo ndikawauze ndekha, chifukwa iwo anawalakwira kale zokwanira pa nkhani imeneyi. Aka kanali koyamba kumva atate akuvomera kulakwa, ndipo sindinadziwe koyang'ana.

Amayi anali kumunda akuthyola thonje. Inali nyengo yake, dzuwa lili pamutu, saka lili m'chiuno. Ndinawathandiza mzere umodzi ndisanalankhule, kenako ndinawapempha kuti tikhale pansi pa mtengo wa mango. Bodza langa lija linandithawa. Ndinawauza kuti buku kulibe, ndipo khadi lawo ndi la thonje.

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikupsompsona thonje?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwake kosamveka bwino, ndipo sindinadziwe ngati ndiseke nawo kapena ndiwagwire dzanja. Anayang'ana munda wawo woyera mbee, n'kupukusa mutu. Ndinachita mantha kuti ndawalanda chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho kwawo. Msangamsanga ndinawauza zotsala: kuti mtanda ndi wa boma, mizere ndi ya kapitawo, ndipo banga lija ndi chala cha atate awo.

Apa anatembenuka. Anamasula kathumba, pulasitiki yoyamba, yachiwiri, kansalu. Anayandikiza khadi kumaso, n'kulitalikitsa, n'kuliyandikizanso. Amayi alibe chithunzi cha makolo awo ngakhale chimodzi. Anayamba kulankhula motsitsa, ngati akuuza khadilo. Anati akukumbukira tsopano kuti ali kamwana atate awo sankapita kulikonse osatenga pepala, ndipo asilikali a boma akawaimitsa panjira ankalitulutsa m'chipewa, iwo n'kuwalola kupita. Anati kawiri konse anaona amuna ena akutengedwa atamangidwa chingwe, atate awo n'kubwerera kunyumba chifukwa cha pepalalo.

"Sananene kuti ndi la ubatizo," anatero. "Anangoti lidzakuteteza. Za ubatizozo ndinaikapo ndine, nditaona mtanda."

Anaika chala chawo chachikulu pa banga lija. Chawo chinali chaching'ono, cha agogo chinatulukira m'mbali monse. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo ine ndinalira, iwo ayi.

Misozi itaphwa ndinafunsa funso langa la uphunzitsi, loti nanga tsopano tinene kuti anabatizidwa kapena ayi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kunena kuti iwo anali khanda, adziwa bwanji. Anati amayi awo ankapemphera korona, dzina lachikhristu ali nalo, koma mudzi wawo unali kutali ndi misheni ndipo wansembe ankafika mwa apo ndi apo. Mwina anabatizidwa, mwina ayi. Chimene ankakana n'chakuti atate awo atchedwe abodza, ndipo tsopano aona kuti sananame. Anapinda khadi n'kundiuza kuti ndikawauze ansembe abwere naye "ngati" wawo uja.

Za chithunzi anandifunsa mafunso ambiri. Akufuna achite nacho chiyani, adzachiona ndani, achiika pati. Nditawauza kuti achiika m'gulu la zinthu za anthu olankhula Chipwitikizi, anadabwa kwambiri. Anati atate awo Chipwitikizi chimene ankadziwa ndi chovomera bwana basi, ndipo anamenyedwapo chifukwa chosamva chimene kapitawo akunena. Ine mpaka lero sindimvetsa kuti agogo ali m'gulu limenelo monga ndani. Pomaliza amayi analola, koma anati alembe pambali pake kuti munthuyu anali Mchewa, ankalima bwino, ndipo mwana wake wamkazi ali moyo ku Zambia. Ndinatumiza mawuwo momwe anawanenera. Mayi wa kulaibulale uja anayankha kuti wawalemba onse. Khadi lenilenilo linabwerera m'chiuno.

Ubatizo unachitika Loweruka m'mawa, m'tchalitchi muli anthu ochepa. Ansembe atafika pa liwu lija ananena motsitsa, amayi n'kuwauza kuti akweze, palibe chobisa. Atatha anadalitsa ukwati. Atate anavala jekete lawo la ku Madzimoyo ndipo anagwada movutikira, bondo likulira. Ngati amayi anabatizidwa kamodzi kapena kawiri, amadziwa ndi Mulungu. Ine ndinasiya kufufuza.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinakhala pafupi nawo pa benchi lachitatu. Atate nawonso anabwera ku Misa, koyamba m'moyo wawo, n'kukhala kumbali ya amuna, chipewa chili pabondo. Nthawi ya Ukaristia itakwana, kwaya itayamba, amayi anapinda miyendo monga mwa masiku onse. Mayi woyamba anadutsa, wachiwiri, wachitatu. Ndinawagwira pachigongono. Anandiyang'ana osamvetsa, kenako anadzidzimuka, n'kuimirira, dzanja lili m'chiuno pamene pali kathumba. Analowa pamzere akuyenda ngati munthu woopa kuti wina amubweza.

Ndinayang'ana kumbali ya amuna kuti ndione ngati atate akuwaona. Ankawaona. Amuna a pa benchi lawo anali ataimirira kuti akalandire, ndipo atate anali atapinda miyendo yawo yaitali ija kuti anzawo adutse.